Chigamba pa Jekete ya a Mawotchi

1. Kabowo ka njenjete

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi amalume ake, ndipo sanalakwitse. Mtsikanayu sankatha kukhala pampando mpaka tiyi kuzirala. Akakhala pansi mwendo unkagwedera, akaimirira maso ankakhala ali kukhomo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa tchuthi chimenechi mayi ake anamutumiza kuti azikaphunzira kusoka kwa mchimwene wawo, telala wa masuti.

Shopu ya amalumewo inali chipinda chimodzi chopapatiza. Kumanzere kunali makina awiri osokera. Kumanja kunali tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndipo kumapeto kwake kunkakhala simbi yamagetsi ya chingwe chomangamanga. Kunsi kwa tebulolo kunali katoni yaikulu yoponyeramo tizidutswa ta nsalu.

Loweruka limenelo Kamphepo anafika ali ndi nsapato za mpira m'chikwama. Nthawi ya 11 koloko aphunzitsi a masewera ankasankha atsikana olowa m'timu ya mpira wamanja, ndipo thupi lake lokha ndi limene linali m'shopu, mtima unali kubwalo.

Anapeza amalume ake atayala jekete yotuwa patebulo. Inali jekete yakalekale, yolemera, ya timizere topyapyala. Mwini wake anali mdala wina amene moyo wake wonse ankakonza mawotchi mpaka maso anamufooka, moti aliyense ankangowatchula kuti a Mawotchi. Tsiku lomwelo, 2 koloko masana, mdzukulu wawo ankalandira satifiketi kukoleji ya unamwino, ndipo mdalayo ananenetsa kuti savala china chilichonse koma jekete imeneyi. Anati adzaitenga 12 koloko.

Amalume anali atasintha kale nsalu ya m'kati ndi kulimbitsa mabatani. Koma m'mawa umenewo, ataikweza kuwindo, anaona kabowo kamene njenjete zinaboola, kunsi pang'ono kwa thumba la pachifuwa. Kanali kakang'ono ngati kanjere ka nyemba.

"Ndipo ine ndiyenera kukapereka mayunifolomu kusukulu ya kutsidya," anatero amalume akukanda mutu. "Ndikachoka pano, kubwera ndi madzulo."

"Sinditha kusoka ndine, amalume?" anatero Kamphepo. "Zigamba ndasoka zingati muno? Tsiku lililonse mumangondipatsa mathalauza a ana asukulu. Tandiyesaniko pa chinthu chenicheni."

Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali. Manja a mwanayu anali abwino, zimenezo ankazidziwa. Chimene ankakayika ndi mwendo uja.

2. Chenjezo la amalume

"Khala apa," anatero amalume, "ndipo mwendowo uyambe waukhazika pansi. Ndikuuza kamodzi."

Kamphepo anakhala, n'kugwira bondo ndi dzanja.

"Jekete iyi ndi ya ubweya wa nkhosa weniweni, wosasakaniza. Telala amene anaisoka anamwalira ine ndisanagwire singano, koma taona, msoko uliwonse ndi wapamanja ndipo palibe umene wamasuka. Masuti ambiri amene ukuwaona m'masitolo masiku ano, onyezimira aja, ndi a poliyesitala. Imeneyo amapanga kufakitale, ndi m'bale wake wa pulasitiki. Sindikuinyoza ayi. Mayunifolomu ndanyamulawa ndi a poliyesitala, ndipo pa ntchito imeneyo palibe yoiposa. Sikwinyika, ukaichapa m'mawa masana yauma, njenjete siziyandikira, komanso makolo ambiri amaikwanitsa. Koma munthu wamkulu akaivala padzuwa amawira m'kati ngati mphika wovindikira.

"Ubweya ndi wina. Umapuma. Kukazizira umafunditsa, kukatentha susunga thukuta. Ukausamala umakalamba limodzi ndi mwini wake mpaka kumuperekeza. Koma nawonso uli ndi zovuta zake. Ukauchapa ndi madzi otentha umakhwinyata, jekete ya bambo n'kusanduka ya mwana. Ukauiwala m'sutikesi njenjete zimachita phwando, monga zachitira apa. Ndiye nsalu ziwirizi iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo kutentha kumene ina imakondwa nako, inzake imafa nako. Usadzazisokere pamodzi pa chovala cha munthu."

"Ndamva, amalume."

"Sunamve, sindinathe."

Amalume anasolola ulusi umodzi m'kati mwa jekete, n'kuyatsa machesi. Ulusiwo unapsa pang'onopang'ono, moto n'kuzima wokha. M'chipindamo munamveka fungo la tsitsi lopserera. Ataufikisa ndi zala unangosanduka phulusa.

Kenako anasolola ulusi wina pa yunifolomu. Umenewu unachita ngati ukuthawa moto, unasungunuka, n'kusiya kanthu kakuda kolimba ngati mkanda.

"Waona? Anthu a kufakitale anachenjera. Amapanga poliyesitala yooneka ngati ubweya, moti ngakhale ine maso amandinamiza. N'chifukwa chake nsalu imene sukuidziwa uziyamba waiyesa ndi moto. Koma lero palibe n'choyesa chomwe, chifukwa chigamba cha jekete iyi chichokera pa jekete yomweyi. Umasule mpendero wakumbuyo. M'kati mwake muli nsalu yopindira imene telala uja anasiya. Udulepo kachidutswa, utseke mpendero, kenako uike chigamba kuchokera m'kati, timizere tikumane. Ndi ntchito ya maola awiri ukafatsa. Posita uyale nsalu yonyowa pamwamba, simbi isakhudze jekete ngakhale pang'ono. Ndipo m'katoni umo usatolemo kanthu."

"Ndamva, amalume."

"Thalauza la mwana wasukulu ukaliwononga, tipita kusitolo tikagula nsalu ina. Nsalu ya jekete iyi kulibenso kumene ungakaipeze. Mdala uja ali nayo imodzi yomweyi."

Anamangirira mtolo wa mayunifolomu panjinga, n'kunyamuka nthawi itangokwana 9 koloko.

3. Kachidutswa ka m'katoni

Kamphepo anayamba bwino, zimenezo tisamunamizire. Anasamba m'manja, anatembenuza jekete, n'kuyamba kumasula mpendero ndi nsonga ya singano.

Koma telala wakale uja ankasoka ngati munthu amene analibe kwina kopita. Timisoko take tinali ting'onoting'ono, tothithikana, tolimba. Patatha theka la ola, Kamphepo anali atamasula malo otalika ngati chala chimodzi chokha. Anayang'ana wotchi yapakhoma. Anamasula timisoko titatu, n'kuyang'ananso. Mwendo unali utayambiranso kugwedera.

Nthawi ili cha m'ma 10 koloko, pakhomo panatulukira mnzake wa kumpira amene anzake ankamutchula kuti Wamtali.

"Iwe, ukadali pano? Anthu ayamba kale kusonkhana kubwalo!"

"Ndimalize kaye chigamba ichi."

Wamtali anasuzumira. "Kabowo kameneka? Ndiye ukuphwasuliranji jekete yonse? Zigamba si izi zadzaza m'katonimu?"

"Amalume akaniza."

"Amalume ako ali kuti?"

Wamtali anakoka katoni ija ndi phazi, n'kuyamba kuvundukula. Posakhalitsa anatulutsa kachidutswa kotuwa ka timizere topyapyala, n'kukaika pa jekete.

"Taona! Ngati mapasa. Ngakhale mwini wake sangasiyanitse. Paja umati saona bwino?"

Kamphepo anakatenga n'kupita nako kuwindo. Mtundu unali womwewo. Timizere tinali tomweto. Pokafikisa ndi zala kankaterera pang'ono kuposa jekete, koma pang'ono pokha.

Bokosi la machesi linali pomwepo patebulo pamene amalume analisiya. Kusolola ulusi umodzi n'kuuyatsa kukanatenga nthawi yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Kamphepo analiyang'ana bokosilo, kenako anayang'ana wotchi. Kunena zoona, sikuti nthawi yoyesera inamusowa. Ankaopa kuti moto umuuza zimene sankafuna kumva.

Anakankhira machesi kumbali ndi chigongono.

"Tandipatsira sizasi iyo," anatero.

Anatseka msangamsanga pamene anamasula paja. Anadula kachidutswako, anakaika kuchokera m'kati, timizere n'kukumana bwinobwino. Singano inkangothamanga. Pasanathe mphindi makumi awiri chigamba chinali chitakhala, ndipo chinali chokongola moti Wamtali anawomba m'manja.

"Amalume akowo amangokulitsa nkhani," anatero Wamtali. "Sita tizipita."

4. Simbi

Kamphepo anayatsa simbi n'kuikweza kufika pamene amalume ankasitira masuti a ubweya. Ananyowetsa nsalu yoyera, anaifinya, n'kuiyala pachifuwa cha jekete. Simbi itatera panamveka kuti tswii, nthunzi n'kukwera.

Atachotsa nsaluyo, ubweya wonse unali utagona myaa. Chigamba chokha ndi chimene chinatukumuka pang'ono, m'mbali mwake mutakwinyika.

Anayalanso nsalu yonyowa n'kudindanso. Chigamba chinakana kugona.

"Mphindi khumi zatsala," anatero Wamtali ali pakhomo, mwendo umodzi uli kale panja. "Chotsa chinsalucho, chikungotchinga moto. Dinda kamodzi basi."

Kamphepo anachotsa nsalu yonyowa ija. Anaika simbi pachigamba penipeni n'kukanikiza ndi manja awiri.

Fungo ndi limene linayamba kumuuza. Silinali la tsitsi lopserera. Linali fungo la jumbo yogwera pamoto. Atati anyamule simbi, jekete inanyamuka nayo limodzi. Anakoka, ndipo kunsi kwa simbi kunatuluka timaulusi takuda tonanda ngati phula.

Pamene panali chigamba panatsala bowo lakuda, m'mbali mwake mutauma gwa. Poliyesitala yosungunukayo inali italowerera mu ubweya wozungulira n'kumatirira.

"Mayo ine!" anakuwa Kamphepo.

Wamtali anasuzumira kamodzi kokha. "Eee, mnzanga, ine ndatsogola. Ndikawauza aphunzitsi kuti ukubwera." Ndipo miyendo yake yaitaliyo inagwira ntchito yake.

Kamphepo anatsala yekha. Anatenga lumo n'kuyamba kupala zoumazo. Koma kachidutswa kalikonse kakachoka kankatenga ulusi wa jekete. Anasiya. Anayambiranso. Anasiyanso. Pamene ankaponya lumo pansi, kabowo kaja kanali katakula ngati chitsekerero cha botolo.

Anatembenuza jekete n'kupima nsalu ya m'mpendero ndi chala. Inali yopapatiza, yosakwanira kutseka bowo loterolo.

Wotchi inadutsa 11 koloko iye osaiona n'komwe. Za mpira zinali zitatheratu m'mutu. Anazungulira tebulo, anapita kukhomo, anabwerera, anakhala, anaimirira. Anatulutsa foni n'kupeza nambala ya amalume. Chala chinaima pamwamba pake kwa kanthawi, kenako anaibweza m'thumba. Anachita mantha, ndipo manyazi anali ochuluka kuposa manthawo.

5. Kampango koyera

Pawindo la shopu panali chidole chimene amalume ankavekapo suti yatsopano yoti anthu odutsa aziona. M'thumba la pachifuwa la sutiyo munali kampango koyera ka thonje, kopindidwa bwino.

Kamphepo anakayang'ana kampangoko, kenako anayang'ana bowo. Linali kunsi kwenikweni kwa kamwa la thumba.

Anakasolola. Anakalowetsa m'thumba la jekete ya a Mawotchi, n'kusiya nsonga yake ikulendewera panja. Bowo linabisika lonse. Anagwedeza jekete, kampango kanasendera kumbali, chakuda chija n'kusuzumira. Ndiye anatenga singano ndi ulusi woyera, n'kusokerera nsonga ya kampango pa jekete, m'mbali mwenimweni mwa bowo pamene nsalu inali itafooka kale. Anabaya kanayi n'kumanga mfundo yolimba.

Anagwedezanso jekete. Kampango sikanasunthe.

Atatero anatsegula mawindo onse kuti fungo lituluke. Anapala kunsi kwa simbi n'kuibisa kuseri kwa katoni. Jekete anaikoloweka pakhoma, ndipo munthu woiona patali akanati yachokera m'sitolo ya anthu olemera.

6. A Mawotchi

Munthu amene wakonza mawotchi zaka makumi anayi sachedwa. Kutatsala mphindi zisanu kuti 12 koloko ikwane, galimoto inaima panja, ndipo pakhomo panamveka ndodo.

"Odi muno! Atelala alipo?"

"Lowani, agogo. Amalume achoka, koma jekete yanu ilipo."

A Mawotchi analowa akufufuza njira ndi ndodo. Anali atavala malaya oyera, tayi yakuda ndi nsapato zopukutidwa mpaka kuwala. Mwana wawo wamwamuna, bambo wa mtsikana womaliza maphunziro uja, anatsala pa chiwongolero.

Kamphepo anawaveka jekete. Mdalayo anawongola mapewa, anakoka mikono, n'kupumira m'mwamba.

"Eyaa, ndi yomweyi," anatero. "Mwana wanga, iwe ukuona chovala chakale chonunkha sutikesi. Jekete iyi anasoketsa ndi achimwene anga atangoyamba ntchito. Iwo sukulu anailekera panjira kuti ine ndiphunzire zamawotchi. Tsiku limene ndinatsegula kabenchi kanga kokonzerapo mawotchi anaivula pathupi pawo n'kundiveka, amvekere munthu wogwira mawotchi a anthu azioneka wodalirika. Chithunzi chawo ndilibe. Nyumba yawo inagwa. Chatsala n'chomwechi.

"Ana anga andigulira masuti awiri amakono. Ndi okongola, sindikana, opepuka ngati pepala. Koma ndikavala ndimatuluka thukuta ngati ndikulima, ndipo ina inayamba kutukumuka pachifuwa chaka chisanathe. Iyi yadutsa zaka makumi asanu. Ukudziwa chifukwa chake? Aliyense amene anaigwirapo anaigwira mofatsa, ndipo palibe anandinamizapo za iyo. Telala wina anandiuza maso ndi maso kuti bambo, nsalu iyi sindiitha, pitani nayo kwina. Ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero. Ntchito yamanja, mwana wanga, ukalakwitsa umanena. Wotchi ndikaithyola kasipulingi ndinkamuuza mwini wake asanafunse, ngakhale ndinkadziwa kuti sadzatsegula kumbuyo kwake."

Kamphepo anayang'ana pansi. 

Zala za mdalayo zinayamba kuyenda pa jekete. Maso anali atafooka, koma zalazo zinali zidakali za munthu wa mawotchi. Zinayendera mabatani limodzilimodzi, zinakwera kolala, kenako zinatsikira kuthumba la pachifuwa n'kuima.

"Nanga ichi n'chiyani?"

Mpata unali umenewo. Kamphepo anatsegula pakamwa.

"Ndi kampango, agogo," anatero. "Kokongoletsera."

"Waika ndiwe?"

"Eya, agogo."

Nkhope ya a Mawotchi inawala. "Ha! Achimwene ankavala chomwechi. Amalume ako ali ndi mwayi, apeza mwana woganiza." Anamusisita paphewa, ndipo dzanjalo linamulemera Kamphepo kuposa simbi.

Panja hutala ya galimoto inalira. Kamphepo anawagwira mkono n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto. Pa sitepe iliyonse ankati anene, mawu n'kubwerera. Anawatsegulira chitseko, anawathandiza kukhala, n'kuwapatsira ndodo.

"Bambo, mwatchena kuposa mwini tsiku," anatero mwana wawo akuliza injini. "Paja atiuza kuti inu mukakhala mzere wakutsogolo, ndipo akamutchula dzina mukakwera naye pansanja kukajambulitsa."

"Ndiye mtsikana wa m'shopuyu wandithandiza kwambiri," anayankha a Mawotchi akugwira nsonga ya kampango. "Ine ndimadzidziwa. Akangotchula dzina la mdzukulu wanga, misozi sinditha kuigwira. Ndinaiwala kutenga kopukutira, koma tsopano ndikangosolola aka."

Chitseko chinatsekeka. Galimoto inanyamuka.

Kamphepo anaima pamsewu. Anaona m'maganizo dzanja la mdalayo likukoka kampango pamaso pa anthu onse, mfundo yake yolimba ija ikukana, nsalu yofookayo ikung'ambika.

"Agogo!" anakuwa. "Agogo, taimani!"

Galimoto inali itakhota kale pamphambano.

Anathamangira m'shopu, anatola kasizasi kakang'ono, anakoka chitseko n'kuloka. Kumene kunali koleji ya unamwino sankakudziwa, ndipo anali ndi maola awiri okha. Akuthamanga choncho anatulutsa foni, ndipo ulendo uno chala sichinaime.

Inaitana kawiri.

"Kamphepo?" anayankha amalume. "Jekete yatha?"